Mlamu Wanga Anaba Mawu a Achimwene

Mlamu wanga Noreen Hautala ndi telala. Ndiyambe ndi zimenezo, chifukwa zonse zimene anachita pambuyo pake anazichita ngati telala. Kwa zaka zambiri wakhala akugwira ntchito kuchipinda chakumbuyo kwa sitolo yochapa zovala kuno ku Thunder Bay, kufupikitsa mathalauza a abambo amene amadziona ngati aatali, ndi kumasula m'chiuno mwa masiketi a amayi amene amalumbira kuti sananenepe. Kwa iye, chinthu chochokera kufakitale chimakhala chisanathe kusokedwa. Chimangodikira kuti chifike m'manja mwake.

Mwamuna wake, Reino, ndi mchimwene wanga wamkulu. Anagwira ntchito kunkhokwe za tirigu padoko mpaka anapuma, ndipo kuyambira pamenepo ntchito yawo ndi kung'ung'udza. Sindikuwanamizira ayi, ndinakula nawo m'nyumba imodzi. Mtima wokha ndi wabwino. Galimoto yako ikatitimira m'chipale chofewa, woyamba kufika ndi chingwe amakhala iwo. Koma amakukoka uku akukunena, moti pofika pamsewu umalakalaka akanangokusiya momwemo.

Mwana wawo Mika atapita ku Alberta kukagwira ntchito, anasiya kompyuta yake m'chipinda chapansi, ndipo m'kompyutamo munali gemu yotchedwa Chigwa cha Ankhandwe. Ndi gemu ya malupanga ndi amatsenga: umasankha kukhala msilikali kapena mfiti, n'kumayendayenda m'dziko lopeka, kupha zinjoka ndi kutumidwa ndi mafumu aulesi. Noreen anaiyatsa tsiku lina pofuna kungoona chimene chinkamuiwalitsa mwana wake chakudya. Anasankha msilikali wamkazi. Atangoona zimene anamuveka msilikaliyo, anandiimbira foni.

"Aila, bwera udzaone zamanyazi."

"Kwagwanjinso, mlamu?"

"Mwana wa eni ake akupita kuphiri kukamenyana ndi chinjoka, chipale chili mbuu, iye wavala kamisolo kachitsulo ndi kansalu kosakwana ngakhale kupukutira mbale. Anasoka zimenezi ndani? Ali ndi mayi ake ameneyo?"

Wina akanangozimitsa kompyuta n'kukaphika. Noreen anafufuza pa intaneti mpaka anapeza kuti kuli anthu amene amasintha magemu paokha. Kanthu kamene wosewera amapanga n'kukalowetsa m'gemu ya eni ake kuti isinthe amakatcha modi. Masiku amenewo kampani yopanga gemuyo sinkaloleza mamodi, koma sinkaletsanso. Anthu ankangolowera pawindo, ndi zida zobwerekana, ndipo kampani ikangokonza kanthu kakang'ono m'gemumo, mamodi onse ankagwa ngati zovala pamene chingwe chaduka. Noreen anaphunzira zonsezo ali ndi magalasi pamphuno, akutukwana motsitsa. Chisanathe chaka, asilikali onse aakazi a m'chigwamo anali atavala majasi aubweya ofika m'mawondo, okhala ndi matumba enieni. Pa intaneti anadzitcha Telala Wolusa, ndipo dzinalo linamukhala.

Anthu a mamodi ali ndi mwambo wawo, ndipo amausunga kuposa malamulo a boma. Ntchito yawo ndi yaulere, choncho chimene ali nacho ndi dzina basi. Sutenga chinthu cha mnzako osapempha, ngakhale batani limodzi, ndipo ukapatsidwa umamutchula mwiniwakeyo poonekera. Pa nkhani imeneyi Noreen anali wapolisi. Bambo wina wa ku Texas anatenga majasi ake, n'kungosintha mtundu, n'kumati ndi ake. Noreen anamutsatira pabwalo lililonse la pa intaneti, kumufunsa funso limodzi lomwelo, lakuti matumbawo anawasoka bwanji, mpaka bamboyo anapepesa pagulu. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti mlamu wangayu malamulo ankawadziwa bwino lomwe.

M'gemumo muli mlatho, ndipo pamlathopo pamakhala chimphona chonyansa, cha mphuno ngati mbatata. Eni gemu anachipatsa ntchito ziwiri zokha: kubangula, kenako kuphedwa. Noreen ankachimvera chisoni. Tsiku lina m'nyengo yozizira, iye ali pakompyuta, achimwene anali panja akulimbana ndi makina okokolola chipale amene ankakana kulira. Mawu awo ankalowa mpaka m'chipinda chapansi. Noreen anayang'ana chimphona, anamvetsera mwamuna wake, anayang'ananso chimphona. Kenako anakwera pamwamba, anayatsa chojambulira mawu cha pafoni, n'kuiponya m'thumba la epuloni.

Nyengo yonseyo foni inakhala m'thumbamo. Inajambula achimwene akukalipira makina, akukalipira osewera hoke, masewera a pa madzi oundana, pa TV, akukalipira agologolo amene ankaba chakudya cha mbalame. Noreen ankadula mawuwo bwinobwino ngati nsalu yodula, n'kumawasokerera pakamwa pa chimphona. Ine ndinkadziwa zonse, chifukwa ndine ndinkamuyesera mamodi ake asanawatulutse. Nthawi zina patebulo ndinkachita kuwaputa dala achimwene kuti mlamu apeze zatsopano, ndipo sindikupepesa. Munthu amene anandiuza pa ukwati wanga kuti keke yauma ayenera kulipira mwanjira ina.

Modiyo itatuluka, chimphona chinasiya kubangula. Ukafika pamlatho chinkakuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Chimenecho ukuchitcha chipewa?" Ukasolola lupanga, chinkati, "Kale zinthu zinkalimba. Za masiku ano ungoziyang'ana, zathyoka." Ukadutsa, chinkakuperekeza ndi mawu akuti, "Pita, pita ukazizidwe. Ukabwerako usandiuze." Ndipo nthawi zina, popanda chifukwa, chinkayang'ana kunkhalango n'kulumbira kuti agologolo chidzawatengera kukhoti.

Anthu anapenga nacho. Anachitcha Malume a pa Mlatho. Anasiya kuchipha. Ena ankasiya zinjoka zikuwotcha midzi, iwo ali pamlatho kudikira kuti Malume awanyoze. Wina anapanga modi yoti aliyense wokhudza Malume azimenyedwa ndi mphezi. Ku Brazil, ku Poland, ku Korea, anthu ankalemba kuti chimphonacho ndi bambo awo enieni. Pamalo otchulapo amene anathandiza, Noreen anatchula aliyense, ngakhale ine. Pa mawu a chimphona anangolemba kuti: munthu wina wa m'nyumba.

Achimwene sankadziwa kanthu. Kwa iwo gemu inali zidole za anthu osowa chochita. Akamatsika kukatenga mbatata m'chipinda chapansi, Noreen ankatsitsa mawu a kompyuta, iwo n'kudutsa akuti, "Ukali kusewera ndi tiziwanda tako?" Mawu amenewonso analowa m'gemu.

Zinayenda choncho zaka zingapo. Kenako kampani inalengeza chimene anthu a mamodi anakhala akupempha kuyambira kalekale. Inati tsopano ikuvomereza mamodi mwalamulo. Ipereka zida zake zenizeni zopangira, itsegula malo m'gemu momwemo oti aliyense azisankhapo mamodi mosavuta, ndipo ngakhale osewera pa makina olumikiza ku TV, amene sanalaweko modi chibadwire, awapeza. Kulowera pawindo kwatha, khomo latseguka. Tsiku limenelo Noreen anabwera kwathu ndi bokosi la mabanzi a shuga wapinki, akuvina pakhonde. Ine ndinamuyang'ana n'kukumbukira kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Amalondawo anali m'malamulo. Gemu yokonzedwayo ikadzatuluka kumayambiriro kwa nyengo yofunda, mamodi akale olowera pawindo sadzagwiranso ntchito. Chilichonse chiyenera kudutsa pakhomo. Ndipo pakhomopo panali lamulo lakuti modi iliyonse yokhala ndi mawu a munthu weniweni, mwini mawuyo aonekere yekha pa foni ya kanema, anene ndi pakamwa pake kuti wavomera. Popanda zimenezo, Malume a pa Mlatho abwerera kukhala chinthu chobangula n'kuphedwa.

"Ndiye ukawauze," ndinatero.

"Ndiwauze kuti chiyani? Kuti bambo a Mika, pepani, kwa zaka zonsezi mwakhala muli chimphona cha mphuno ya mbatata?"

"Iwe si uja unam'sowetsa mtendere wa ku Texas chifukwa cha matumba?"

"Zimenezo ndi zina."

"Zasiyana pati?"

"Uja sindimagona naye nyumba imodzi. Idya banzi, usandilankhulitse."

Anayamba ndi njira zachidule. Anati poti ine ndi achimwene ndife a m'mimba imodzi, mwina kukhosi n'kofanana, ndiye ndijambulenso mawu onse ine. Ndinakhala masana onse ndikukulitsa mawu m'chipinda chapansi mpaka kukhosi kunapweteka. Tinapatsa anzake a mamodi angapo kuti amve. Woyamba kuyankha anafunsa ngati Malume adwala chimfine. Wachiwiri anati Telala Wolusa akangoyerekeza kutulutsa zimenezo, iye achita maliro pamlatho. Ntchito yanga ya uchimphona inathera pomwepo.

Ndiye Noreen anaganiza zowafewetsa kaye achimwene. Anaphika pulla, buledi wotsekemera wa ku Finland, pakati pa sabata, zimene amachita pa Khirisimasi pokha. Anakazinga nsomba mmene achimwene amakondera. Anawakolezera sauna, kachipinda kosambiramo nthunzi, asanapemphe. Achimwene anadya, anasamba, anavala jasi, n'kutuluka panja ndi tochi. Anazungulira galimoto yawo, kuunika mbali zonse, kugwada n'kusuzumira pansi.

"Mayi a Mika, ingonenani. Mwaigunditsa pati?"

"Palibe chagundidwa."

"Ndiye wadwala ndani?"

"Kodi munthu sangaphikire mwamuna wake?"

"Angathe. Koma iwe ayi."

Tsiku lililonse Noreen ankati awauza mawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo nkhaniyi inakaphulikira kusitolo ya hadiweya. Achimwene anapita kukagula mabawuti a makina awo aja. Ali pamzere, anatenga bawuti limodzi, analitembenuza m'manja, n'kuyamba monga mwa nthawi zonse.

"Kale zinthu zinkalimba."

Kumbuyo kwawo kunali bambo wina wandevu, wamkulu ndithu, atavala yunifomu ya ambulansi. Bamboyo anamalizitsa mosaganiza: "Za masiku ano ungoziyang'ana, zathyoka."

Achimwene anacheuka. "Ndimakudziwani?"

Bamboyo anagwetsa zimene ananyamula. "Lankhulaninso, chonde."

"Ndilankhulenso chiyani? Mwaledzera m'mawa uno? Ndi inu mumanyamula odwala?"

"Ndi iwo!" anakuwa bamboyo, akugwira mutu. "Anthuni, ndi Malume! Malume a pa Mlatho! Bambo, chonde, tanyozani chipewa changachi, mkazi wanga sakakhulupirira!"

Anawajambulitsa chithunzi mokakamiza, kenako anatulutsa foni n'kuwaonetsa kakanema ka chimphona chikuopseza agologolo ndi khoti. Achimwene anasiya mabawuti pakauntala. Anayendetsa galimoto molunjika kunyumba, ndipo anandipeza ndili ndi Noreen kukhitchini tikumwa khofi. Sanavule nsapato, zimene sizinachitikepo m'mbiri ya nyumba imeneyo.

"Mayi a Mika. Malume a pa Mlatho ndi ndani?"

Ine ndinayamba kufunafuna chikwama changa. "Khala pansi, Aila," anatero osandiyang'ana. "Fungo lako lilipo pa nkhaniyi."

Noreen anafotokoza zonse, kuyambira pa foni ya m'thumba mpaka pa lamulo la kampani. Ine ndinali nditakonzeka kumva chimphepo choti denga lisasuke. M'malo mwake achimwene anangoti, "Ndionetse."

Tinatsika tonse. Noreen anawakhazika pampando wake, anayendetsa msilikali mpaka pamlatho, n'kukweza mawu. Chimphona chinayamba ntchito yake. Poyamba ndinaona ngati pakamwa pa achimwene pakufuna kumwetulira, makamaka pa agologolo. Koma mawuwo anali ambiri. Noreen anali atasonkhanitsa mawu a zaka zathunthu, ndipo achimwene anafuna kumva onse, amodzi ndi amodzi. "Ndani anakuuza kuti uyike pamenepo?" "Supu ameneyu wadutsa pafupi ndi mchere, koma sanalowe." "Ukanandifunsa ine, koma iwe sufunsa." "Choka, ndipange ndekha." Pa kompyuta, pakamwa pa chimphona, zinali zoseketsa. Koma m'chipindamo munali anthu atatu amene ankadziwa kuti mawu amenewo ankanenedwa kwa yani.

Atamva onse, achimwene anakankhira mpando kumbuyo. Kenako anafunsa motsitsa, "Ndi mmene ndimalankhulira?"

Noreen anazimitsa mawu a kompyuta.

"Zaka zonsezi, zimene umamva m'nyumba muno ndi zimenezi?"

"Anthu amazikonda, bambo a Mika. Amati—"

"Anthuwo amazimitsa akatopa." Anaimirira. "Uwauze a kampaniwo atchule tsiku. Ndidzavomera." Anakwera masitepe, ndipo tinawamva akuvula nsapato pakhomo.

Mwina mukuganiza kuti Noreen anamwa wamkaka. Ayi ndithu. Kuyambira tsiku limenelo achimwene anasiya kung'ung'udza. Anasiyiratu. Supu akaperewera mchere ankati zikomo. Timu yawo ya hoke ikagoletsedwa ankati anyamata ayesetsa. Gologolo anakhala pawindo akudya mbewu za mbalame akuwayang'ana m'maso, iwo n'kungotseka katani. Anayamba kumutcha Noreen "inu" nthawi zonse, ngati mlendo wa kutchalitchi. M'nyumba munali zii, ngati mwatuluka maliro dzulo lake.

Ine poyamba ndinkaseka. Ndinapita dala ndi chipewa chobiriwira chokhala ndi mpira pamwamba, chonyansa kwambiri m'tauni muno. Achimwene anachiyang'ana n'kunena kuti, "Chikuoneka chofunda." Pamenepo ndinachita mantha, chifukwa munthu ameneyo sindinkamudziwa.

Noreen anaonda. Kuntchito anafupikitsa thalauza la munthu mwendo umodzi kawiri. Anandiuza kukhitchini kwanga, misozi ili lengelenge, kuti sakugona. "Aila, ndimadzuka m'mawa, ndimamva akuyenda pang'onopang'ono ngati wakuba. Akatsegula filiji, ndimadikira kuti anene za mkaka. Palibe. Ine ndinakwatiwa ndi munthu waphokoso. Uyu andibweretsera ndani?"

"Si zimene akazi ambiri amapempherera?"

"Apemphere okha. Ine ndinkadziwa kuti ali bwino ndikamva akukalipa. Akati choka ndipange ndekha, ndiye kuti waona kuti msana ukundiwawa. Ndinazolowera chilankhulo chimenecho. Tsopano akulankhula chaulemu, ine sindikumva kanthu."

Tsiku la kampani linafika, kutatsala masiku ochepa kuti atseke kulandira mamodi oti atuluke limodzi ndi gemu yokonzedwayo. Tinaika kompyuta ya m'manja patebulo la kukhitchini. Achimwene anatuluka kuchipinda atavala suti yawo ya maukwati ndi maliro, tsitsi atalipesa ndi madzi. Pa kanema panaoneka mayi wachitsikana wa magalasi aakulu, amene anati dzina lake ndi Solange. Ankaoneka kuti akudziletsa kuti asadumphe ndi chimwemwe.

"Bambo Hautala, ndine wokondwa kwambiri. Kuofesi kuno tonse timawakonda Malume."

"Zikomo kwambiri, mayi. Ndi ulemu waukulu," anatero achimwene, mawu ali ofewa ngati a wansembe pa ubatizo. "Ine ndine Reino Hautala. Mawu amene ali m'sewero lanu ndi anga, ndipo ndavomera kuti agwiritsidwe ntchito. Ndikupepesanso kwa onse amene anakhumudwa nawo."

Nkhope ya Solange inasintha pang'ono. Anaika chomvera m'khutu, anamvetsera kanthu, anachichotsa. "Pepani, bambo. Munganeneko mawu amodzi a chimphonacho? Aja a chipewa, mwina?"

Achimwene anakonza tayi. "Chimenecho," anatero mwaulemu wonse, "mukuchitcha chipewa, mayi?"

Ndinaluma lilime. Zinamveka ngati munthu wofunsa njira ya kuchipatala.

"Mundikhululukire," anatero Solange, akuyang'ana Noreen. "Si kuti ndikukukayikirani. Koma takhala tikuona anthu akubweretsa msuweni kapena mnansi kuti avomere m'malo mwa mwini mawu, ndiye anatiuza kuti tizitsimikiza ndi makutu athu. Ine mawu a Malume ndimawadziwa ngakhale kutulo, ndipo awa sindikuwamva. Ndiyenera kuitumiza nkhaniyi kwa akuluakulu, koma kunena zoona sangaione nthawi isanathe."

"Ndikumvetsa, mayi," anatero achimwene. "Muli pa ntchito."

Ndikumvetsa! Reino Hautala, amene anakanganapo ndi wapolisi chifukwa cha mmene anaimikira galimoto ya polisi! Ndinayang'ana Noreen. Sanali kuyang'ana kompyuta, ndipo ndikhulupirira kuti panthawiyo za chimphona anali ataziiwala. Ankayang'ana mwamuna wake, atakhala mu suti, manja pamawondo, ngati mwana wolangidwa.

"Tadikirani pang'ono," anatero Noreen, n'kutsika kuchipinda chapansi.

Anabwerako atanyamula chitini chakale cha penti, chadzimbiri pachivundikiro. Anachiika patebulo, pafupi ndi chigongono cha achimwene. Kenako anatsegula kabati ya pamwamba pa filiji, n'kutulutsa mpeni wa malemu bambo athu, umene anabwera nawo kuchokera ku Finland, wa chigwiriro cha mtengo ndi m'chimake mwa chikopa. Mpeni umenewo achimwene amaunola okha, ndipo ngakhale ine mwana wa mwini wake sindiloledwa kudulira buledi. Noreen anausolola modekha, analowetsa nsonga yake pansi pa chivundikiro cha chitini, n'kuyamba kukanula.

Achimwene anayang'ana. Khosi linafiira. "Mayi a Mika," anatero ndi mawu onjenjemera, "mwina pangapezeke chida china."

"Ichi chikugwira bwino," anatero Noreen, n'kukanikiza. Chitsulo chinalira kuti kwee.

Makutu anafiira. Anagwira m'mphepete mwa tebulo. Noreen anasuntha mpeni, anaulowetsa pena, n'kuupotoza ndi manja awiri, akuimba kanyimbo.

"IWE!" Mpando unagwa chagada. "Wapenga? Mutu wako ukuyenda? Mpeni umenewo unawoloka nyanja, unapulumuka nkhondo, kuti udzafere pa chitini cha penti wa kubafa? M'nyumba muno muli masikuludiraiva odzaza kabati, koma ayi, mayi aona kuti chabwino n'chimenechi! Bweretsa kuno! Taona nsonga! Taona, Aila, wapinda nsonga! Anthu inu mukanapatsidwa korona wa mfumu mukanakolopera pansi!"

Kuchokera pakompyuta kunamveka kukuwa. Solange anali ataimirira, manja pakamwa, ndipo kumbuyo kwake kunali kutadzaza mitu ya anzake a muofesi, ena akuwomba m'manja.

"Ndi iwo! Bambo Hautala, ndi inu! Mukuvomera kuti—"

"Ndavomera kale, kodi m'makutu mwanu muli thonje? Tengani! Tengani mawu onse, muwaike pa chimphona, pa chinjoka, pa mbuzi, zanu zimenezo! Ndipo mulembe dzina langa bwinobwino, Hautala, osati munthu wina wa m'nyumba ngati ndine mphaka! Nanga inu kumbuyoko mukuseka chiyani? Simuli pa ntchito?"

Solange anati zatheka, akupukuta misozi pansi pa magalasi. Ine ndinatseka kompyuta mwamsanga, kuopa kuti angayambe kuwanena za tsitsi.

Kukhitchini kunatsala ife atatu ndi chitini. Achimwene anali akupuma mwamphamvu, mpeni uli m'manja, tayi itapita kumbali. Anayang'ana nsonga ya mpeni, anayang'ana mkazi wawo.

"Wachita dala."

"Eya," anatero Noreen. Ankaseka, koma misozi inali ikutsika mpaka pachibwano.

"Chifukwa cha chidole chako chija."

"Chidolecho chikanafa, ndikanasoka china. Inu ndikanakupezani kuti?"

Achimwene anagwedeza chitini chija. Kenako anati, "Penti ameneyu anauma kalekale. Ndinakuuza kuti utaye. Koma m'nyumba muno ndani amamva?" Anatenga mpeni, anatuluka ndi suti yomweyo kupita kugalaja, ndipo posakhalitsa tinamva mwala wonolera ukuyenda, ndi mawu awo pamwamba pake, akuwerengera mpeniwo mavuto onse amene akumana nawo chikwatirire.

Kunja kunkazizira koti mphuno n'kuuma. Noreen anapita pasinki, anakankha windo loyang'ana kugalaja mpaka linatseguka lonse, anakoka mpando, n'kukhala pomwepo ndi khofi wake wozizira.

"Mlamu, tizizidwa," ndinatero.

"Vala jasi," anatero. "Ndipo ukhale chete, ndikumvetsera."